A Mtambalika Sanaweruke

Kankhirani chitsa icho pakati, moto ukufuna kutithawa. Inu mwakamba za afiti okwera malichero ndi za agalu oyankhula kumanda, ndipo ine ndamvetsera mwaulemu, ngakhale zina mwathira mchere wambiri. Yangayi mulibe mfiti. Ndi nkhani ya kuntchito basi, ntchito yolondera dzuwa. Amene akuona kuti n'zoseketsa asekeretu pano, chifukwa kutsogoloku kulibe poseka.

Kumtunda kwa Ntchisi, paphiri lina lopanda mitengo, panali kanyumba ka malata ndi chimbale chachikulu chachitsulo choyang'ana kumwamba. Anthu akumeneko ankangoti ku Mbale. Kutali uko, kupitirira mitambo ndi mwezi umene, kunali setilaiti ya bungwe lina lakunja, ndipo ntchito yake inali imodzi yokha, kuyang'anitsitsa dzuwa osaphethira. Kumene iliko kulibe usiku. Zithunzi zake zinkagwera m'mbale yathu ija n'kutulukira pa kompyuta m'kanyumbamo. Kuno kukada, mbale za kumaiko ena zinkatola zithunzizo n'kutitumizira pa intaneti, choncho mpando wa m'kanyumbamo sunkazizira. Tinalipo atatu osinthana: ine Chimbalanga, mayi wina wachitsikana dzina lake Lekeleni, ndi a Mtambalika.

Dzuwa lake si ili mumalidziwali. Pa kompyuta linkaoneka lobiriwira, nthawi zina lofiira ngati khala, likuwira pang'onopang'ono, lili ndi zipsera zakuda apa ndi apo. Masiku ambiri silinkachita kanthu. Umangokhala, maso tong'o, khosi likuuma, msana ukulira. Koma tsiku lina chipsera chimodzi chinkangowala mwadzidzidzi, ndipo ife tinkati lalavula. Likalavula kwambiri mawailesi a ndege amasokonekera, ngakhale magetsi amatha kuvuta, ndiye amene ali pampando ankayenera kuimba foni msanga kulikulu kuti achenjeze ofunika kuchenjezedwa. Ntchito yonse inali yomweyo. Kwa munthu wolima imamveka ngati yaulesi, koma ndikuuzeni, palibe khasu lotopetsa ngati kudikira chinthu chosapangana nacho tsiku.

A Mtambalika anali bambo wamfupi, wadazi, amene anayamba ntchitoyo mbale ija itangoimikidwa. Mpando ankautsitsa mpaka pansi kuti mapazi agunde simenti. M'thumba la jekete sankasowa chimanga chokazinga, chimene ankakukuta kuti asawodzere, ndipo maso akawatentha ankanyowetsa kathawulo n'kumadzipukuta diso limodzi, lina likuyang'anabe. Iwowa ndi amene anayambitsa mwambo wathu wosinthana. Wokhala pampando ankati, "Dzuwa ndi ili." Wobwerayo agwire mpando kumsana n'kuyankha kuti, "Ndalandira, kapumuleni." Pokhapo m'pamene munthu ankadzuka.

Poyamba tinkayesa nthabwala za munthu wokalamba. Tsiku lina ndinafika nditakwiya ndi za kunyumba, ndipo atanena mawu awo ine ndinangoti mmm.

"Sindinamve," anatero, osatembenuka.

"Bambo, ndabwera, mukundiona. Dzukani."

"Kubwera kumabwera ndi mbuzi zomwe. Ine ndikufuna wolandira."

Anakhalabe pomwepo mpaka ndinanena mawuwo bwinobwino. Kuyambira pamenepo anatilowa m'magazi, moti sitinkaganizanso tikamawanena.

Chaka chimenecho a Mtambalika anali pafupi kupuma ntchito, ndipo kutopa kwawo kunkaonekera ngakhale m'mayendedwe. Ankakwera phiri lija akuima kawirikawiri, manja ali m'chiuno. "Chimbalanga," ankatero, "ndikangoweruka komaliza ndidzagona mpaka nsikidzi zidzatope nane. Munthu asadzandiuzenso za dzuwa. Likafuna lidzalavule, ine ndili m'bulangete."

Bulangetelo sanalifike. Tsiku lina m'nyengo yotentha Lekeleni anakwera dzuwa lili paliwombo kuti akawalandire. Anawapeza atakhala monga mwa masiku onse, nkhope ku kompyuta, maso otsegula. Anawapatsa moni, sanayankhe. Anawagwira paphewa, n'kutuluka akukuwa mpaka agalu a kumudzi wa kunsi anayankha. Anandiitana, tinawanyamula pampandopo, ndipo ndinawatseka maso ndi dzanja langali, ngakhale anavuta kutseka. Maliro anayenda bwino kwawo. Chilichonse choyenera kuchitika chinachitika, anaika, anameta, anthu n'kubalalika. M'malo mwawo anatitumizira bambo wina wochokera ku Zomba, dzina lake Maulidi, ndipo tinamuphunzitsa ntchito pamodzi ndi mawu aja.

Choyamba chinali mpando. Ine ndine wamtali, ndimaukweza. Ndikatuluka pang'ono kukataya madzi, ndinkaupeza watsika mpaka pansi. Ndinati wakalamba, mipando yotere imaphwa. Maulidi anaumanga ndi waya. M'mawa mwake wayawo tinaupeza uli pawindo, utakulungidwa bwinobwino ngati wa munthu wosamala zinthu.

Kenako kathawulo. Tinakaiwala pamsomali kuseri kwa chitseko, ndipo m'nyengo imene ngakhale malovu ankauma m'kamwa, iko kankakhala konyowa. Palibe amene anafunsa mnzake. Aliyense ankangokakhudza mobisa akamalowa, n'kupukutira dzanja m'malaya.

Lekeleni ndiye anayamba kuyankhula.

"Bambo Chimbalanga, kodi muno muli makoswe?"

"Bwanji?"

"Ndimamva kukukuta. Osati kudenga ayi. Pafupi, apa," anatero akuloza pambali pa khutu lake.

Ndinamuuza kuti ndi makoswe, n'kugula mankhwala. Ndinkadziwa kuti khoswe sakukuta njere imodzi n'kudikira, kenako ina, ngati munthu wofuna kuti chimanga chimufikitse kumapeto kwa shifiti.

Amayi otola nkhuni m'mbali mwa phiri anasiya kudutsa pageti. Mmodzi ndinakumana naye panjira, ndipo ananditsitsira mawu.

"Achimwene, kodi bambo aja amaima pageti masana amadikira ndani? Timawapatsa moni sayankha. Amangoika dzanja pachipumi, kuyang'ana kumsewu."

"Bambo otani?"

"Aafupi. Nkhope sitinaionetsetse, pamakhala powala kwambiri."

Nanenso ndinadzawaona, kapena ndinene kuti ndinaona chinachake. Ndinkakwera masana, njinga ndikukankha, mpweya ukuvina pamwamba pa miyala chifukwa cha kutentha. Pageti panaima kanthu kakafupi, dzanja pachipumi. Ndinawerama kuti ndichotse thukuta m'maso, ndipo pamene ndinkadzutsa mutu panali geti lokha. Sindinachite mantha monga mukuganizira. Ndinangomva chisoni cholemera, chimene sindinadziwe kumene chachokera.

Chimene chinatiswa mitima chinali kuusa moyo. Nthawi iliyonse tikamasinthana, wina akati "Ndalandira, kapumuleni," kumbuyo kwathu kunkamveka munthu akuusa moyo pang'onopang'ono, monga amachitira munthu pa sitolo akaona kuti amene anabwera pambuyo pake wathandizidwa. Tinayamba kunena mawuwo monong'ona. Sizinathandize.

Lekeleni anali woyembekezera nthawi imeneyo, ndipo tulo tinkamugwira paliponse. Tsiku lina anawodzera pampando. Anadzidzimuka foni ikulira, n'kuona pa kompyuta kuti dzuwa lalavula kale, chilavulo chachikulu. Anayankha akudziwa kuti ntchito yatha. Koma mayi wa kulikulu ankangothokoza.

"Mwachita bwino kuimba msanga, uthenga wafika nthawi yabwino. Koma awuzeni bambo ajawo azikweza mawu. Amayamba n'kutsokomola, kenako amamveka ngati ali m'chitsime."

Lekeleni sanalire. Anandifotokozera madzulo ake, nkhope ili gwa, n'kunena kuti, "Ine ndatopa, bambo. Sindikudziwa ngati ndikuopa kapena ndangotopa."

Patapita masiku, mkazi wa a Mtambalika anakwera phiri kudzatenga katundu wa amuna awo, kapu yachitsulo ndi jekete. Anali mayi wofatsa, wovala zakuda, ndipo anakana kulowa. Anakhala pamwala panja, tonse atatu titawazungulira, chifukwa Maulidi anali asanatsike. Anapinda jekete lija pamiyendo, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Ana anga, ndifunse. Anzanga amasiye amuna awo amawabwerera kumaloto, ena kudzakalipa, ena kudzangoona ana. Anga sanabwere n'kamodzi komwe. Pakhomo pali zii, ngati munthu ali kuntchito." Anatiyang'ana mmodzimmodzi. "Kodi bambo anaweruka?"

Ndinaona Lekeleni akugwira pakamwa. Tonse tinakumbukira tsiku lija, kukuwa, kuthamanga, kunyamula. Tinawachotsa pampando ngati thumba la chimanga, osawauza kanthu. Munthu amene sankadzuka ngakhale chikhodzodzo chikuphulika mpaka atamva mawu ake, ife tinaganiza kuti imfa yokha ingamudzutse.

Mayi aja atatsika, tinakhala pansi. Woyenera kulandira anali Lekeleni, poti shifiti ija inali yake. Koma munthu woyembekezera sayandikira za akufa, izo ngakhale mwana amadziwa. Maulidi anati iye sanawadziwe malemuwo, sangamumvere. Onse anayang'ana ine. Ndinang'ung'udza, monga mwa khalidwe langa, koma ndinavomera. Ndinagwira nawo ntchito nthawi yaitali, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

M'mawa mwake dzuwa litafika paliwombo, anzanga anatuluka n'kukaima kutali ndi geti. Ndinalowa ndekha. Mpando unali utatsika. Ndinaima kumbuyo kwake, n'kuugwira kumsana, ndipo unali wofunda. Sindinayankhule, chifukwa mwambo wake woyamba kunena ndi wokhala pansi. Malata ankathetheka ndi kutentha. Nyenje zinkalira panja mpaka m'makutu kuwawa, kenako zinangosiya zonse pamodzi. Pa kompyuta dzuwa linkawira mwakachetechete. Ndinadikira mpaka manja anachita thukuta, n'kuyamba kudziona wopusa.

Ndiye panamveka kutsokomola.

Mawuwo sindinganene kuti ndinawamva ndi makutu. Anali ngati munthu akuyankhula m'chipinda china, chitseko chili chotseka, mawu ouma, otheratu mphamvu.

"Dzuwa ndi ili."

Thupi lonse linachita tsemwe. Koma ndinakankha mawu mpaka anatuluka.

"Ndalandira, bambo. Kapumuleni."

Mpando unakwera wokha pang'onopang'ono m'manja mwangamu, monga umachitira munthu akadzukapo. Kafungo ka chimanga chokazinga kanandidutsa kumanzere. Chitseko sichinatseguke, koma nyenje zinayambanso kulira, ndipo ndinakhala pampandopo misozi ikutsika, ndikumva kupepuka ngati ndatula mtolo wa wina. Pambuyo pake mayi aja anatumiza uthenga kuti amuna awo abwera kumaloto. Akuti sananene kanthu, anangoyala mphasa pakhonde n'kugona mpaka lotolo kutha.

Chisisira chitagwa tsiku lomwe ndinalandiralo, Maulidi analowa kudzandilandira. Ndinatambasula msana n'kunena monga mwa masiku onse, "Dzuwa ndi ili."

Zii.

Ndinatembenuka. Anali ataima pakhomo, atanyamula mpando wapulasitiki wa panja, maso ali kunsapato.

"Maulidi, dzuwa ndi ili."

"Achimwene, mundikhululukire. Ine ndili ndi ana aang'ono. Ntchito ndigwira, ndikhala pampando uwu, inu pitani. Koma chimene mwalandira m'manja mwa womwalira musandipatse ine."

Ndinamukalipira, ndinamuseka, ndinamuchonderera. Anangopukusa mutu. Lekeleni naye m'mawa mwake analira n'kugwira mimba yake, ndipo sindinamukakamize. Ndinadziuza kuti ndi mawu chabe, oyambitsidwa ndi munthu wadazi wokonda chimanga. Ndinakwera njinga n'kupita kunyumba.

Tsiku limenelo ndinadziwa chimene a Mtambalika ankasenza. Nditangotseka maso, dzuwa linali pomwepo, mkati mwa zikope, lobiriwira, likuwira, zipsera zake zonse zili m'malo mwake. Sanali maloto. Ndinkaliona monga lilili nthawi yomweyo, moti ndikafika kuntchito ndinkapeza pa kompyuta zomwe ndaziona kale. Tulo tikati tibwere, china chake chinkandigwedeza mumtima, ukagona ndani aliyang'ane? Ndinkadzidzimuka, dzanja likufufuza foni pamphasa. Likalavula ndinkadziwa wailesi ya m'nyumba isanayambe kukhosomola.

Kuchipatala anandipatsa mapiritsi ogonetsa, thupi linkagona koma maso a mkati ali pantchito. Abusa anandipempherera mpaka mawu anawathera. Sing'anga wina wa ku Dowa anamvetsera nkhani yonse, n'kundibwezera nkhuku yanga, akuti iye za dzuwa sachita nawo. Kenako a bungwe aja analengeza kuti makina akwawo aphunzira kudziyang'anira okha, safunanso anthu. Anamasula mbale ija n'kuikweza pa lole, kanyumba n'kukhoma. Lekeleni anapita kwa amuna ake ku Kasungu, Maulidi anabwerera kwawo. Ntchito inatha, koma ine sindinaweruke.

Mvula zingapo zinagwa ndili choncho. Ndinaonda, ndinayamba kuiwala mayina a ana anga, ngakhale la Tiyese, khasu linkandigwa m'manja. Ndinkakwiya ndi zinthu zopanda pake, nkhuku ikalira, mwana akaseka. Mkazi wanga Nankhoma anapirira zonsezo. Ndi mayi wosayankhulayankhula, wa manja olimba, amene ku Mbale sanapondeko ndipo kompyuta sanaigwirepo. Nkhani yonse ndinamuuza, ndipo ndinamuletsa ndi mawu amphamvu kuti asadzayerekeze kulowerera. Koma akuti ndikakhala pansi mutu n'kuyamba kugwa, pakamwa pankanena pokha mawu aja, kuuza khoma, kuuza mtengo, kuuza aliyense wodutsa. Anthu a pamudzi anachenjezana, ndipo ndikawodzera pabwalo ankasuntha mwakachetechete.

Tsiku lina madzulo, nthawi yokolola, tinakhala pakhonde tikutong'ola chimanga. Chitsononkho chinandipulumuka m'manja, mutu n'kugwera pachifuwa. Ndinadzimva ndekha ndikunong'ona, monga ndinkachitira nthawi zonse, osayembekezera yankho. Ndiye ndinamva dzanja likugwira kumsana kwa kampando kanga.

"Ndalandira, bambo a Tiyese. Kapumuleni."

Ndinafuna kukuwa kuti ayi. Mulungu ndi mboni, ndinafuna. Koma m'maso mwanga munada, mdima weniweni, wozizira, wokoma, umene ndinali nditauiwala, ndipo ndinagwera momwemo ngati mwala m'dziwe.

Ndinadzuka tsiku linalo dzuwa litapendeka. Thupi linali latsopano, mafupa opepuka, njala ikundiluma ngati mnyamata. Ndinagona pamphasapo kanthawi ndikumwetulira ndekha, ndisanakumbuke. Nditakumbuka ndinatuluka wopanda nsapato.

Ndinamupeza pansi pa mtengo wa mango, lichero la mtedza lili pamiyendo, osasenda n'umodzi womwe. Maso anali otseka, koma zikope zinkanjenjemera.

"Mwadzuka?" anatero osatsegula maso. "Lili bata. Koma kumanzere kuli kachipsera kakukula, sindikukakhulupirira."

Ndinagwada pamaso pake, ine mwamuna wamkulu, ana akuona.

"Nankhoma, wachitiranji zimenezi? Nena mawu aja, ndilandire. Nena msanga."

"Ayi."

"Ndi katundu wanga uyu. Ndinamutenga ndekha."

"Mwagona kamodzi kokha, mukuti mwapuma? A Mtambalika anachita kufa osalandiridwa. Ine sindidikira kuti ndidzakuoneni kumaloto." Anatsegula maso n'kundiyang'ana, ndipo anamwetulira pang'ono. "M'poto muli mbatata. Kadyeni, mukagonenso."

Mpaka lero sananene. Ndayesa kumupempha, ndayesa kumunyengerera, ndayesa kumudikirira kuti mwina awodzere pakamwa panene pokha ngati mmene pankachitira panga. Iye amamanga kansalu pakamwa akaona kuti mutu ukulemera. Tsitsi lake layera, ndipo mtondo umene ankaunyamula ndi dzanja limodzi tsopano amaugubuduza.

Ndiye mundilole ndinyamuke, moto wanu muusamale nokha. Panopa ali pakhonde, wakhala tsonga, ndipo ndimapita kukakhala naye kuti asalondere yekha. Ndimamukambira nkhani, ndimamufunsa za zipsera, ndimadzitsina ntchafu kuti ndikhale maso. Koma tulo timandiba nthawi zonse, ndipo ndikadzidzimuka m'bandakucha ndimapeza wandifunditsa chitenje chake.